Goli ndi guwa: Chikhristu m'mbiri za anthu ogwidwa ukapolo pakati pa Bangweulu ndi nyanja ya Malawi

Mbiri za moyo zimene anasiya anthu ogwidwa ukapolo pakati pa nyanja ya Bangweulu ndi nyanja ya Malawi n'zowerengeka, ndipo pafupifupi zonse zinasungidwa ndi amishoni. Amene anavala goli anali zikwizikwi, koma amene mawu awo anafika papepala sangadzaze ngakhale katchalitchi ka kumudzi. Ambiri mwa owerengekawo anali Akhristu pa nthawi imene ankasimba za moyo wawo. Mpingo ndi umene unawaphunzitsa kulemba, unawasindikizira mabuku ndi kuwapezera owerenga. Koposa apo, chikhulupiriro chinawapatsa poima. Munthu amene anagulidwapo ndi nsalu anatha kuimirira pamaso pa mfulu n'kunena kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa, anthu n'kumumvera.

Boma la Lundazi, monga linalili lisanagawidwe mu 2018 pamene Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha, lili pakati pa njira zimene malondawa ankayenda. Kumadzulo kuli chigwa cha Luangwa, chimene eni ake amachitcha Marambo. Kum'mawa kuli Kasungu ndi Mzimba, ndipo kupitirira apo ndi nyanja. Abisa, amene kwawo ndi kutsidya kwa Luangwa cha ku Bangweulu komanso m'chigwa momwemo, anali amalonda otchuka a minyanga ya njovu kuyambira zaka za m'ma 1700, ndipo maulendo awo opita kunyanja ankawoloka Luangwa n'kukwera mtunda wa Achewa a Mwase. M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota. Zombo zake zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya la kum'mawa, kumene kunkayambira ulendo wapansi wa ku Kilwa. David Livingstone analemba kuti Rigby, amene anali kazembe wa Britain ku Zanzibar, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanjayi ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbapo chaka chilichonse.

Nkhondo zimene zinkadyetsa msika umenewu zinali zambiri, koma zokumbukika kwambiri ku Lundazi ndi za Angoni. Anthu a Zwangendaba, mfumu ya Angoniwo, anawoloka Zambezi mu November 1835, ndipo paulendo wawo wa kumpoto anakhala zaka zingapo ku Mabili, kufupi ndi malire a Lundazi ndi Mzimba a lero. Zwangendaba atamwalira ku Ufipa, ana ake anabwereranso kummwera: M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba, Mpezeni kudera la Chipata. Lundazi inatsala pakati pa mikondo iwiri. Maufumu a Magodi ndi Phikamalaza ndi zizindikiro za nthawi imeneyo. Ambiri mwa anthu amene Angoni ankawagwira ankawasunga kuti achulukitse mtundu, anyamata n'kulowa usilikali, atsikana n'kukwatiwa, koma ena ankawagulitsa kwa Ayao ndi Aswahili odutsa ndi nsalu ndi mikanda.

Ukapolo sunabwere ndi Aluya. Kalekale munthu ankatha kuperekedwa ngati chikole pa ngongole, kapena kulipira naye mlandu wakupha, ndipo pa njala ena ankadzipereka okha kwa mwini nkhokwe. Atumbuka munthu wotere amati muzga, Abemba amati umusha. Chimene chinkamusiyanitsa ndi mfulu si ntchito imene ankagwira, pakuti onse ankalima ndi khasu lomwelo. Kapolo analibe mwini. Pa Chichewa mkazi ndi ana ake ali ndi mwinimbumba, ukwati uli ndi ankhoswe, ndipo mlandu ukafika pabwalo pamakhala mtsibweni wouyankhulira. Kapolo analibe onsewa. Ana a mdzakazi anali a mbuye wake chifukwa kunalibe malume wodzawaitanitsa, ndipo n'chifukwa chake amuna a mitundu yotsata kuchikazi ankawafuna kwambiri adzakazi. Malonda a kugombe atakula, munthu wopanda womuyankhulira ndiye ankayamba kugulitsidwa. Zimenezi zikuthandiza kumvetsa kukula kwa chimene chinachitika pamene anthu oterewa anayamba kusimba mbiri zawo: amene mawu ake sankalemera pabwalo anasanduka mboni.

Mwambo wolemba mbiri zotere unayambira kutali, kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Mu 1789 Olaudah Equiano anasindikiza buku la moyo wake ku London. Iye anabatizidwa mu 1759, anadziwombola yekha mu 1766 ndi mapaundi 40, ndipo bukulo analilemba pofuna kuti nyumba ya malamulo ya Britain ithetse malonda a anthu. Mnzake Ottobah Cugoano, wochokera ku Ghana ya lero, anali atatulutsa kale lake mu 1787. M'menemo anatsutsa amene ankati anthu akuda ali ndi temberero la Hamu, n'kukumbutsa kuti chilamulo cha Mose chimaweruza wakuba munthu kuti aphedwe. Frederick Douglass wa ku Maryland anamaliza buku lake la mu 1845 posiyanitsa chipembedzo cha Khristu ndi chipembedzo cha eni akapolo. Olembawa anali ndi chida chimodzi chachikulu: amene anawagula, amene anawagwiritsa ntchito ndi amene ankawerenga mabuku awo, onse ankadzitcha Akhristu. Baibulo linali bwalo limene mbuye sakanatha kulikana, ndipo kapolo analowamo ngati wodandaula.

Samuel Ajayi Crowther anali pakati. Iye anali Myoruba wogwidwa mu 1821, anapulumutsidwa panyanja ndi sitima za Britain mu 1822, analemba za kugwidwa kwake mu 1837, ndipo mu 1864 anadzozedwa ubishopu. Amene anamugwira anali Aafrika anzake, amene anamumasula anali Angelezi. Mbiri za kum'mawa kwa Afrika zinatsata njira yofanana ndi yake. Kumeneku wogwira anali Mngoni, Mbemba, Myao, Mchikunda kapena mnansi wapamudzi, wogula anali Mswahili kapena Mluya, ndipo womasula anali Mngelezi. N'zoona kuti Apwitikizi a ku Tete ndi Afalansa a ku Réunion, amene anali Akhristu, anagulanso anthu ochuluka, koma mbiri zambiri zosindikizidwa n'za amene anathera ku Zanzibar. Wolemba wotere sankaloza chala kwa owerenga ake. Ankawathokoza. Ulamuliro wa mawu ake unayenera kuchokera kwina.

Mpingo umene unasonkhanitsa mbiri zambiri ndi wa Anglican, kudzera m'bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika ndi zilembo za UMCA. Chiyambi chake chenicheni chinali kumasula akapolo. Mu July 1861, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake anadula magoli a anthu 84, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anayamba nawo mishoni ya Magomero. Mackenzie anamwalira mu January 1862, ndipo mu 1864 Bishopu Tozer anasamutsira ntchitoyo ku Zanzibar. Kumeneko ana olanditsidwa m'zombo ankaphunzira pa sukulu ya Kiungani. Msika wa akapolo wa mumzindawo unatsekedwa mu 1873, ndipo Bishopu Edward Steere anamanga tchalitchi chachikulu pamalo pomwepo.

Mu 1887 mphunzitsi wa pa Kiungani, A. C. Madan, anasindikiza buku lotchedwa Kiungani, mmene muli mbiri zimene anyamata a pasukulupo analemba m'Chiswahili iye n'kuzimasulira m'Chingelezi. Mayina awo sanatchulidwe. Aliyense akudziwika ndi mtundu wake: Mnyasa, Mbisa, Mbemba, Myao, Mmakua ndi ena. Nkhani zawo n'zazifupi ndipo zilibe zokometsera. Mwana akugwidwa pankhondo kapena akubedwa panjira, wina akuperekedwa ndi abale ake pa mlandu kapena pa njala, kenaka akusinthanitsidwa kuchoka m'manja awa kupita m'manja awo mpaka kugombe. Mantha akuti azungu amadya anthu, amene Equiano ndi Crowther anawatchulanso, akupezeka m'mbiri za kum'mawa kuno. Anyamatawa sakuweruza munthu. Akungoyala zimene anaona, ndipo mphamvu ya bukulo ili m'kuyala komweko. Madan yemweyo pambuyo pake anakakhala ku Northern Rhodesia, kumene analemba timabuku ta Chinsenga mu 1905 ndi Chibisa mu 1906.

Mwa onse amene anadutsa pa Kiungani, amene mbiri yake ikuyandikira kwambiri dera la Luangwa ndi Petro Kilekwa. Anabadwira m'mudzi wa Abisa kufupi ndi Bangweulu cha m'ma 1870. Dzina la kwawo linali Chilekwa, ndipo Chiswahili ndicho chinalisandutsa Kilekwa, monga mwini wake anafotokozera. Khutu la Mchewa silichedwa kumva mawu oti kuleka m'dzinalo. Anagwidwa ali mwana pa nkhondo zimene iye anazitcha za Maviti, dzina limene nthawi imeneyo linkaperekedwa kwa Angoni komanso kwa magulu ena a achifwamba otengera kamenyedwe kawo. Mayi ake anafuna kumuwombola. Dipo lake linali mayadi 8 a nsalu, ndipo sanathe kuikwanitsa. Nsalu imeneyo lero ndi zitenje zinayi. Pamenepa mbiri ya Kilekwa ikunena zoposa ziwerengero za akazembe: mtengo wa mwana unali wodziwika, mayi anaumva ndi makutu awo, ndipo kusowa kwa zitenje zinayi kunachotsa mwanayo ku Bangweulu kukamufikitsa ku Arabia.

Anamutengera kugombe la nyanja yamchere n'kumukweza m'chombo cha matanga cholowera ku Persian Gulf. Chombocho chinagwidwa ndi sitima yankhondo ya Britain yotchedwa HMS Osprey, ndipo onse amene anali m'menemo anakatsitsidwa ku Muscat. Patapita kanthawi, Kilekwa ndi mnzake Mambwala anatengedwa kukagwira tintchito m'sitimamo. Anayenda nayo posaka zombo zina za akapolo. Anafika ku Basra m'dziko la Iraq la lero, ku Bushehr m'dziko la Persia kumene anthu ena anafuna kuwabanso, mpaka ku India. Osprey itabwerera kwawo, anyamatawo anawasamutsira mu HMS Bacchante, ndipo mu 1887, pa chikondwerero cha zaka 50 za ufumu wa Mfumukazi Victoria, anali ku Bombay. Pambuyo pake Kilekwa anaperekedwa kwa amishoni ku Zanzibar. Anaphunzira pa Kiungani, anabatizidwa dzina la Petro, anakhala mphunzitsi, n'kukwatira Beatrice Muyororo, amenenso anali womasulidwa ku ukapolo. Kenaka anapita kukagwira ntchito mu dayosizi ya Nyasaland, kumene anadzozedwa udikoni, pambuyo pake unsembe, m'zaka za m'ma 1910. Buku lake, Slave Boy to Priest, linatuluka mu 1937. Analilemba m'Chinyanja, ndipo amene analimasulira m'Chingelezi ndi K. H. Nixon Smith.

Mutu wa bukulo ukusonyeza kale mmene moyo wonsewo unayalidwira. Uli ndi poyambira, pomwe ndi ukapolo, ndi pofikira, pomwe ndi guwa, ndipo zonse zapakati, Maviti, chombo, Muscat, Bombay, zikukhala masiteji a ulendo umodzi wotsogozedwa ndi Mulungu. Kayalidwe kameneka ndi kamene wowerenga Baibulo amakadziwa pa nkhani ya Yosefe, wogulitsidwa ndi abale ake kwa amalonda apaulendo n'kukakwezedwa kudziko lachilendo. Kwa munthu wogulidwa, phindu lake linali lalikulu. Chimene pamudzi chinali chamanyazi, choyenera kubisidwa, chinasanduka umboni wakuti Mulungu anamusunga ndi cholinga. Ubatizo unamupatsa dzina limene silinachokere kwa mbuye, ndipo mpingo unamupatsa abale, ankhoswe a ukwati wake ndi manda. Zinthu zomwe zija zimene ukapolo unamulanda ndi zimene anazipezanso, ngakhale kuti anazipeza m'nyumba ya eni.

Chinthu china choyenera kuchiganizira ndi chilankhulo. Kilekwa anali Mbisa, anakulira m'Chiswahili, anamva Chingelezi cha amalinyero, koma mbiri yake anailemba m'Chinyanja, chilankhulo cha anthu amene ankawabatiza ndi kuwaika m'manda. Ndiye kuti ankadziona ngati wa kunyanjako.

Ulamuliro wa anthu ngati iyeyu unkaoneka kwambiri pa ntchito kusiyana ndi papepala. Chitsanzo chomveka ndi Augustine Ambali, Mzaramo wa kugombe la Tanzania ya lero, amene anagwidwa ali mwana, n'kumasulidwa ndi kuphunzira ku Zanzibar. Anafika kunyanja m'zaka za m'ma 1880 pamodzi ndi William Percival Johnson, ndipo zaka zambiri za moyo wake anazithera ku Msumba, kugombe la kum'mawa, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Anakhala dikoni mu 1898, wansembe mu 1906, ndipo anamwalira mu 1931 ali kanoni wa tchalitchi chachikulu cha Likoma. Buku lake analitcha Thirty Years in Nyasaland, ndipo mutu umenewu ukuloza ku zaka 30 za utumiki osati ku ukapolo. Mu mpingo wa UMCA wansembe ankamva kulapa kwa munthu aliyense payekha, ankaunika nkhani za maukwati, ndipo ankatha kuimitsa munthu pa Mgonero. Motero eni nthaka, ana a mafumu, ankagwada pamaso pa mlendo wopanda mbumba amene aliyense ankadziwa kumene anachokera. Cecil Majaliwa, Myao womasulidwa amene mu 1890 anakhala wansembe woyamba wachiafrika wa UMCA, anayenda njira yomweyo.

Mabukuwa ali ndi malire ake, ndipo wowerenga wosamala ayenera kuwadziwa. Anasindikizidwa ndi mishoni kuti awerengedwe ndi anthu a ku Britain amene ankasonkha ndalama za ntchitoyo. Womasulira ndi mkonzi anali mzungu. Kuthokoza sitima zankhondo ndi amishoni kunapeza malo ambiri, ndipo palibe chifukwa chokayikira kuti kunali kochokera pansi pa mtima, pakuti munthu wotulutsidwa m'chombo cha akapolo sanamizira kuthokoza. Koma mbiri ya midzi ya omasulidwa ili ndi mbali ina imene mabuku oterewa sakanainyamula. Ku mishoni ya Blantyre, cha m'ma 1879, amishoni a Church of Scotland anakwapula anthu mwankhanza ndi kupha munthu pomuweruza okha. Andrew Chirnside anaulula nkhaniyi mu 1880, ndipo mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, anachotsedwa. Ulamuliro wa Britain umene unathetsa goli, popachika Mlozi wogulitsa akapolo ku Karonga mu December 1895 ndi kugonjetsa Mpezeni mu January 1898, ndi womwewo umene unabweretsa msonkho wa nyumba ndi thangata. Mawu onga a Douglass, otembenuzira Baibulo kwa Akhristu olamulira, anadzamveka m'derali kudzera mwa John Chilembwe, amene anapita ku America mu 1897 n'kuphunzira pakati pa ana a akapolo ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Iye sanasiye buku la moyo wake.

Akazi ndi ana ndiwo ankagwidwa kwambiri, koma akazi amene analemba okha ndi osowa. Mbiri zawo zinadutsa pakamwa, wina n'kulemba. Yakale mwa izo ndi ya Swema, mtsikana wachiyao amene anafika ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860. Anatengedwa chifukwa cha ngongole ya pa nthawi ya njala, mayi ake anatsatira ulendowo mpaka anasiyidwa panjira atalefuka, ndipo iye atafika ku Zanzibar ali wofooka kwambiri anakwiriridwa wamoyo. Wodutsa anamufukula n'kupita naye kwa asisitere. Bambo Horner, wansembe wachikatolika, ndiye analemba nkhaniyo, ndipo inatuluka m'Chifalansa mu 1870. Pachimake pake ndi pamene Swema, amene ankalephera kukhululuka ndipo chifukwa cha icho ubatizo wake unkachedwa, anauzidwa kuti atsuke mabala a munthu yemwe uja anatsogolera ulendo umene unapha mayi ake. Anatero, ndipo anabatizidwa. Nkhaniyi inakonzedwa kuti ikhudze mitima ya opereka ndalama ku France, ndipo katundu amene inasenzetsa mwana wamasiye ndi wolemera. Komabe ikuonetsa mtundu wa ulamuliro umene mpingo unkaupereka kwa wolakwiridwa: wokhululuka amakhala pamwamba pa wokhululukidwa, chifukwa ndiye amene ali ndi choti apereke.

Kumpoto kwa Zambia ya lero kuli mbiri ya Mama Meli, Mmambwe amene anagwidwa ali kamwana pa nkhondo ya Abemba, n'kudutsa m'manja mwa ambuye angapo, dzina lake likusinthidwa, mpaka anakakulira pa mishoni ya London Missionary Society ku Kawimbe, kufupi ndi Mbala. Anaisimba ali wokalamba, ndipo H. E. Silanda anailemba m'Chimambwe. Kulinso ya Bwanikwa, mkazi wachiluba amene Dugald Campbell analemba kuti anagulitsidwa kakhumi. Marcia Wright anasonkhanitsa mbiri ziwirizi ndi zina m'buku la mu 1993 lotchedwa Strategies of Slaves and Women. M'mbiri za akaziwa simuli guwa lofikirapo, chifukwa mpingo sunkadzoza akazi. Nkhani yake ndi ya ukwati, umasiye, ana ndi kufunafuna abale, ndipo ulemu wawo unadza pang'onopang'ono, mpaka pamene mudzi wonse unayamba kuwatchula kuti mama.

Si onse ogwidwa amene anathera mu mpingo. M'buku la Margery Perham la mu 1936, Ten Africans, muli mbiri ya Rashid bin Hassani, imene analemba W. F. Baldock. Rashid anali Mbisa ngati Kilekwa, anagwidwa ndi Angoni, anagulitsidwa mpaka kukafika ku Zanzibar, ndipo kumeneko analowa Chisilamu. Dzina latsopano, anthu oti n'kuwatcha abale ndi malo pakati pa anzake anazipeza mumzikiti. Kuika mbiri ziwirizi pamodzi kumaonetsa kuti njala ya munthu wozulidwa inali imodzi, ndipo zipembedzo zonse ziwiri zinkaiyankha. Kusiyana kwake n'kwakuti mishoni inali ndi sukulu, makina osindikizira ndi owerenga a kutsidya kwa nyanja ofuna kumva za ukapolo, choncho mawu a Akhristu ndiwo anachuluka papepala.

Ku Lundazi kwenikweni Chikhristu sichinafike ndi omasulidwa a ku Zanzibar. Chinabwera ndi aphunzitsi a mishoni ya Livingstonia ochokera kwa M'mbelwa. Ntchito pakati pa Angoni inayamba ku Njuyu mu 1882, ndipo oyamba kubatizidwa kumeneko mu 1890 anali Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ana a sing'anga amene sanali Mngoni wobadwa koma wa anthu otengedwa panjira. Mmishoni Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon, ku Embangweni, mu 1902, ndipo kuchokera kumeneko aphunzitsi ndi alaliki ankatsikira ku Marambo kwa Asenga, m'midzi yomwe ija asilikali a Angoni ankaithira nkhondo. Mishoni ya Chasefu inatsegulidwa mu 1922, ndipo mpingo umene unamera pamenepo ndi umene mu 1984 unakhala Sinodi ya Zambia ya CCAP, yokhazikitsidwa ku Lundazi. Mbiri ya moyo yotchuka ya mbali imeneyi ndi ya wogwira osati wogwidwa. Mu 1925 Fraser anatulutsa The Autobiography of an African, yosimba za Daniel Mtusu, mwana wa nduna Chipatula Nhlane, amene anakulira mu usilikali wa Angoni n'kudzakhala mlaliki. Kayalidwe kake n'kofanana ndi ka mbiri za akapolo, kuchoka mumdima kulowa m'kuwala, koma mawu a Mtusu ankalemera chifukwa anatula mkondo umene anali ndi ufulu wounyamula.

M'matchalitchi a m'deralo ana a ogwira ndi ana a ogwidwa anakhala pa benchi imodzi, ndipo nkhani ya amene anachokera kuti inakwiriridwa mwadala. Ambiri mwa ogwidwa anali atakwatirana kale ndi eni mudzi, ena atatenga chiwongo cha ambuye awo. Mpaka lero kutchula munthu kuti kapolo ndi chipongwe chimene chingafikitse wonenayo kubwalo la mfumu. Amene anakhala pakati pa anthu odziwa mbiri yawo anali ndi chifukwa chokhalira chete, pamene amene anaponyedwa kutali, kumene kunalibe chobisa chifukwa mudzi wonse unali wa omasulidwa, ndiwo anayankhula. James Mbotela, amene bambo ake anagwidwa kudera la nyanja ya Malawi n'kukakhala ku Freretown kufupi ndi Mombasa, anatulutsa buku lake la Chiswahili, Uhuru wa Watumwa, mu 1934.

Kilekwa anakhala ndi moyo wautali. Anamwalira m'zaka za m'ma 1960, Malawi ndi Zambia atalandira kale ufulu wodzilamulira. Mpingo umene anautumikira unadzoza bishopu wake woyamba wachimalawi, Josiah Mtekateka wa ku Likoma, mu 1965, patatha zaka 101 chidzozedwere Crowther. Buku la mu 1937 lili ndi Chingelezi chokha, choncho wowerenga wa ku Lundazi, ku Nkhotakota kapena ku Msumba amene akufuna kumva Kilekwa amamumva kudzera mwa womasulira, ngakhale kuti mwini wake analemba m'Chinyanja.